Fodya ngwathu, njanji ili kwina: mafunso a ku Kasungu okhudza sitima ya pamtunda

Mwana wokulira ku Chamama, ku Santhe kapena ku Chulu amazindikira kulira kwa lole ya mabelo ikadali kuseri kwa munda wa bulugamu, koma ambiri amafika pomanga banja asanaonepo sitima ya pamtunda ndi maso awo. Ngakhale zili choncho, nkhani ya sitima siichoka pakamwa. Imabuka pamzere wodikira feteleza, pageti la okushoni ku Chinkhoma, ndiponso nyengo ya kampeni ikafika. Mafunso otsatirawa ndi omwe amabwerabwera m'macheza oterowo.

Kodi ku Kasungu kuli siteshoni ya sitima, kapena inakhalakopo kale?

Ayi, ndipo siinakhaleko n'kale lomwe. Njanji ya Malawi imachokera kumwera, kudzera ku Blantyre ndi ku Balaka mpaka ku Salima, kenaka n'kukhotera kumadzulo kupita ku Lilongwe ndi ku Mchinji. Kumpoto kwa mzere umenewu kulibe njanji. Kasungu, Ntchisi, Nkhotakota ndi Chigawo chonse cha Kumpoto amadalira msewu, ndipo a m'mbali mwa nyanja ali ndi sitima ya pamadzi. Munthu wa pa boma la Kasungu amene akufuna kuona njanji ayenera kuyenda makilomita opitirira 100 mumsewu wa M1, kudutsa pa Madisi, pa Mponela ndi pa Lumbadzi, mpaka ku Kanengo. Wa kwa Santhe yake yapafupi ili mbali ya Mchinji: msewu wochokera pa Chinkhoma umakagwera mumsewu wa Lilongwe–Mchinji pa Kamwendo, ndipo njanji imadutsa chakomweko.

Nanga siteshoni ya kumudzi imakhala yotani kwa omwe ali nayo?

Amene anazolowera depoti ya mabasi angadabwe ndi kuchepa kwake. Pa masiteshoni ang'onoang'ono monga Utale ku Balaka, Bilila ku Ntcheu kapena Lirangwe ku Blantyre, chimene chilipo ndi kanyumba ka ogwira ntchito, chikwangwani cha dzina la malowo, ndi bwalo lokwererapo. Chofunika kwambiri pamalopo anthu ambiri sachiona n'komwe. Njanji yathu ndi ya mzere umodzi, ndiye kuti sitima ziwiri zoyang'anizana sizingadutsane paliponse. Pasiteshoni njanji imagawika pawiri kwa kamtunda pang'ono n'kudzalumikizananso kutsogolo, kuti sitima imodzi ipatuke n'kudikira inzake idutse. N'chifukwa chake siteshoni zina zili pamalo oti pamudzi penipeni palibe: anaziika poyeza mtunda wa pakati pa malo opatukirana, ndipo masiku a injini za nthunzi ankayang'ananso komwe kuli madzi. Mudzi ndi msika zinkabwera pambuyo, kutsata siteshoniyo.

Tsiku lopanda sitima pamakhala zii, mbuzi zikudya udzu wa m'mbali mwa zitsulo. Tsiku la sitima ndiye tsiku la msika. Amayi amafika m'mamawa ndi malichero a nthochi, chimanga chophika, mbatata, zitumbuwa ndi mizimbe, n'kumagulitsira m'mazenera sitima ikangoima. Amalonda ang'onoang'ono amakweza matumba a nandolo, mpunga ndi nsomba zouma, ena amatsitsa sopo, shuga ndi malata ochokera ku Limbe. Kumadera ngati Nayuchi, kumalire ndi Mozambique pakati pa nyanja ya Chilwa ndi ya Chiuta, misewu imavuta kwambiri nthawi ya dzinja, ndipo kwa zaka zambiri sitima ndiyo yakhala njira yodalirika yotulukira. Wophunzira wobwerera kusukulu, wodwala wopita ku chipatala chachikulu ndi wamalonda wa dengu limodzi amakhala pampando umodzi. Ichi ndicho chimandikhudza ine pa nkhani ya siteshoni yaing'ono: imatumikira munthu yemwe katundu wake ndi wochepa kwambiri moti sangachite naye hayala galimoto, koma ndi wolemera kwambiri moti sangamusenze pamutu kapena kumumanga pa kabaza.

Kodi sitima yonyamula anthu ikuyendabe m'Malawi muno?

Ikuyenda, koma m'dera lochepa. Maulendo a anthu omwe atsala m'zaka zapitazi ndi a kumwera: kuchokera ku Limbe kupita ku Balaka, kuchokera ku Balaka kudzera pa Nkaya ndi ku Liwonde mpaka ku Nayuchi, ndi kaulendo kakafupi kofika ku Bilila. Sitimayi siiyenda tsiku lililonse, ndipo wofuna kukwera ayenera kufunsiratu tsiku lake pasiteshoni. Ulendo wa Limbe–Makhanga, womwe unkathandiza anthu a ku Thyolo ndi a kuchigwa cha Shire, unaima njanji itaonongeka ndi madzi osefukira a mu 2015. Pakati pa Salima, Lilongwe ndi Mchinji sitima ya anthu inasiya kalekale. Ndiye wa ku Kasungu ngakhale atafika ku Kanengo lero, sangagule tikiti yopita kulikonse. Zomwe angaoneko ndi sitima za katundu.

N'chifukwa chiyani azungu a nthawi ya Nyasaland sanafikitse njanji kuno?

Chifukwa njanjiyo sanaimangire kulumikiza midzi ya anthu akuda. Anaimangira kutulutsa katundu wa m'minda ya azungu kupita ku nyanja yamchere, ndipo minda imeneyo nthawi imeneyo inali kumapiri a Shire: ku Blantyre, ku Thyolo, ku Mulanje ndi ku Zomba. Njanji yoyamba, yochokera ku Port Herald (lero Nsanje) kufika ku Blantyre, inatsegulidwa mu 1908 chifukwa madzi a mu Shire anali ataphwera ndipo sitima za pamadzi zinkakanika kukwera mtsinjewo. Mu 1915 anaitalikitsa mpaka ku Chindio m'mbali mwa Zambezi. Mu 1922 njanji ina yochokera ku Beira inafika tsidya lina la mtsinje womwewo, ndipo kwa zaka zingapo katundu ankaoloka pa maboti. Mlatho wa Dona Ana, wotalika makilomita oposa 3, unatha mu 1935, chaka chomwe njanji inafikanso ku Salima kudzera pa Chipoka.

Cholinga cha nthambi ya ku Salima chinali kufika ku nyanja ya Malawi, kuti katundu wa kumpoto azibwera pamadzi n'kukwera sitima ya pamtunda. Pa nthawiyo fodya wa chikopa anali atafala kale m'zigwa za Lilongwe ndi Dowa, kutsatira minda yomwe mzungu wina, A. F. Barron, anatsegula ku Mbabzi cha m'ma 1920, komabe njanji inakakamira m'mbali mwa nyanja, ndipo fodya wa kumtunda ankatsika pa malole. Ngongole za njanji ya ku Beira ndi za mlatho wa Zambezi zinalemera boma la Nyasaland kwa zaka zambiri, moti ndalama yomangira nthambi zina panalibe. Kasungu nthawi imeneyo ankadziwika kwambiri ngati dera lochokera anthu opita kutheba, kumigodi ndi kuminda ya ku Rhodesia ndi ku South Africa, osati ngati dera la katundu wodzaza mabogi.

Koma Kamuzu anali wa konkuno. Bwanji iyeyo sanaibweretse?

Funso ili limafunsidwa ndi kachisoni, ndipo n'lomveka. Dr. Hastings Kamuzu Banda sanaiwale kwawo: Kamuzu Academy inatsegulidwa ku Mtunthama mu 1981, nyumba yake ya Nguru ya Nawambe ili konkuno, ndipo ma esiteti a Press ndi a General Farming, pamodzi ndi bungwe la Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority, anasandutsa zigwa zino kukhala likulu la fodya m'zaka za m'ma 1970. Njanji nayonso anamanga, ndipo anamanga yambiri. Mu 1970 anatsegula ya Nkaya–Nayuchi, yomwe inapatsa dziko lino njira yachiwiri ya ku nyanja yamchere kudzera ku doko la Nacala. Mu 1979 njanji inakwera kuchokera ku Salima kufika ku Lilongwe, ndipo mu 1980 inafika ku Mchinji, ziwirizi ndi thandizo la dziko la Canada.

Tikayang'ana komwe mizere imeneyi inalunjika, maganizo a nthawiyo amaoneka poyera. Likulu linali litasamukira ku Lilongwe mu 1975 ndipo linkafunika njanji. Kanengo anakonzedwa kukhala malo a mafakitale, nkhokwe ndi msika wa fodya wa Chigawo cha Pakati. Mzere wa ku Mchinji unkayang'ana ku Zambia, ndi chiyembekezo choti katundu wa dziko limenelo azidutsa kuno. M'mapulani oterowo ntchito ya Kasungu inali kulima n'kutumiza ku Kanengo pa msewu wa phula. Kenaka zaka za m'ma 1980 zinabwera ndi mavuto a zachuma ndi nkhondo ya ku Mozambique, ndipo kumanga njanji zatsopano kunaima.

Kodi si mapiri ndi mitsinje yomwe inalepheretsa?

Ayi. Kuchokera ku Lilongwe kufika ku Kasungu dziko ndi lathyathyathya, loti womanga njanji aliyense angalikonde. Mtsinje wa Bua ndi madambo ake ungafune mlatho wabwino, koma imeneyo ndi ntchito yochepa poyerekeza ndi chikweza cha pakati pa Salima ndi Lilongwe, kapena mapiri a ku Thyolo komwe njanji inadutsa zaka zoposa 100 zapitazo.

Ndiye fodya wa ku Kasungu sakwera sitima n'komwe?

Wina amakwera, koma mwini wake atasiyana naye kale. Tsatirani belo limodzi. Fodya wa bale akachoka m'chigafa, kapena wa kampopi akatuluka m'balani, amasankhidwa, kudindidwa pa jeke n'kusokeredwa m'chiguduli. Kuchoka pakhomo amakwera ngolo kapena kagalimoto kupita pamalo osonkhanitsira a kalabu, kenaka lole kupita ku Chinkhoma kapena ku Kanengo. Akagulidwa sapita kudoko nthawi yomweyo ngati momwe ena amaganizira. Amayamba walowa m'mafakitale a makampani ogula monga Limbe Leaf ndi Alliance One, komwe amamuchotsa mitsitsi ya pakati pa tsamba, kumuumitsanso bwino ndi kumulongedza m'makatoni olowa m'makontena. Apa m'pamene sitima ingalowe m'nkhaniyi. Kontena ingathe kukwera bogi ku Kanengo, kutsikira ku Salima ndi ku Nkaya, n'kutulukira pa Nayuchi kupita ku Nacala, ulendo wa makilomita pafupifupi 1,000. Koma kwa zaka zambiri fodya wochuluka wakhala akutuluka pa mathiraki kupita ku Beira ndi ku Durban, ngakhale kuti Durban ili pamtunda wopitirira makilomita 2,000. Ogula akunja amafuna katundu wofika pa tsiku lomwe anapangana, ndipo amalolera kulipira njira yaitali yodalirika kusiyana ndi yaifupi yosadziwika mawa lake.

Mtengo wa ulendo wautaliwo suthera m'thumba la kampani. Umabwerera chambuyo, n'kudzaonekera pa mtengo womwe mlimi amapatsidwa pa kilogalamu.

Chinachitika n'chiyani kuti njanji ifooke chonchi?

Choyamba chinali nkhondo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 katundu wa Malawi pafupifupi yense ankadutsa pa njanji za ku Beira ndi ku Nacala. Nkhondo ya pakati pa boma la Frelimo ndi Renamo itakula, njira zonse ziwiri zinatsekeka pofika 1984, ndipo mlatho wa Dona Ana unaphulitsidwa. Njanji ya ku Mchinji inali isanathe ngakhale zaka zisanu pamene khomo lake la ku nyanja linatsekedwa. Amalonda anasamukira ku mathiraki, anagula magalimoto, anazolowera, ndipo mtendere utabwera mu 1992 ambiri sanabwererenso.

Chachiwiri ndi madzi. Mu 1997 madzi anakokolola njanji ku Chiromo n'kudula Bangula ndi Nsanje. Mu 2003 mlatho wa pa Rivirivi unapita, ndipo Chigawo cha Pakati chinakhala chodukiratu ku njanji kwa zaka ziwiri. Mvula ya zaka zotsatira yakhala ikugumula malo ena pakati pa Salima, Lilongwe ndi Mchinji. Apa ife alimi a fodya tiyenera kudziyang'ana. Mitengo yomwe yatha chifukwa cha mabalani, zigafa ndi makala ndi yomwe inkachedwetsa madzi akamatsika. Tsopano amatsika ndi ukali, atanyamula mchenga ndi zinyalala zomwe zimatseka mipata ya pansi pa njanji. Onjezeranipo kulima mpaka m'tsinde mwa chitunda cha njanji, kukumba mchenga pansi pa milatho, ndi kuba zitsulo zomangira njanji n'kukagulitsa kwa ogula zitsulo zakale. Chitsulo chimodzi chomwe wakuba amapezapo ndalama ya mchere chingathe kugwetsa sitima yonse.

Njanjiyi mwini wake ndani, boma kapena kampani?

Njanji yeniyeniyo ndi ya boma la Malawi. Chomwe chinaperekedwa ndi ufulu woyendetsa sitima. Mu 1999 ntchito yomwe inkagwiridwa ndi Malawi Railways inapita m'manja mwa kampani ya Central East African Railways, yomwe anthu amangoti CEAR. Pambuyo pake kampani ya migodi ya ku Brazil, Vale, inakhala ndi gawo lalikulu m'menemo, ndipo mu 2022 inagulitsa mgodi wake wa malasha wa ku Moatize pamodzi ndi gawo lake pa ntchito yoyendetsa njanji ya ku Nacala kwa kampani ya Vulcan. Kusiyana kwa mwini njanji ndi woyendetsa sitima n'kofunika kukudziwa. Kampani imayendetsa sitima komwe kuli phindu. Sitima ya anthu yoima pa siteshoni iliyonse yaing'ono siibweza ndalama zake pafupifupi kulikonse padziko lapansi, ndipo imayenda pokhapokha boma litailemba m'mgwirizano ndi kuikapo ndalama. Nthambi yatsopano ngati ya ku Kasungu nayonso ndi nkhani ya boma ndi Nyumba ya Malamulo, osati ya kampani yoyendetsa sitima.

Bwanji njanji ya malasha inamangidwa mwachangu, pamene ife tadikira zaka zonsezi?

Ntchito ya njanji yatsopano yochokera kumalire a Chikwawa, kudutsa Mwanza ndi Neno mpaka pa Nkaya, makilomita opitirira 130, inayamba mu 2012 ndipo patangopita zaka zochepa sitima zinayamba kuyenda. Inafulumira chifukwa inali ndi mwini katundu mmodzi wa ndalama zake, kampani ya Vale ija, wokhala ndi malasha okwana matani mamiliyoni ambiri chaka chilichonse, ochokera pamalo amodzi kupita pamalo amodzi, chilimwe ndi dzinja. Sitima imodzi ya malasha imakoka mabogi oposa 100. Fodya ndi wosiyana ndi zimenezi m'njira zonse. Ndi wamtengo wapatali koma wopepuka: dziko lonse la Malawi, ngakhale chaka chokolola bwino, limangofika matani a m'ma 200,000, katundu yemwe njanji ya malasha ingamunyamule m'masiku owerengeka. Amachokera m'makomo masauzande ambiri omwazikana, makamaka chiyambireni zaka za m'ma 1990 pamene alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima bale. Ndiponso amayenda miyezi yochepa yokha, msika ukatsegulidwa cha mu Epulo. Fodya payekha sangalipire njanji.

Ngati ndi choncho, sitima ingamuthandize chiyani mlimi wa kuno?

Phindu lalikulu lili pa zomwe zimabwera, osati zomwe zimapita. Feteleza yemwe timathira m'minda ya fodya ndi ya chimanga amachokera kunja ndipo ndi wolemera. Mafuta a galimoto, simenti, mchere ndi tirigu n'chimodzimodzi. Katundu wotere, woyenda mtunda wautali kuchokera kudoko, ndi yemwe sitima imanyamula motchipa kuposa thiraki. Mu 2024 sitima ya mafuta inafika ku Kanengo kuchokera ku Nacala patapita zaka pafupifupi 20, ndipo inalandiridwa ndi chisangalalo chachikulu pa chifukwa chomwechi. Pobwerera, mabogi omwewo angatenge soya, mtedza ndi chimanga, mbewu zomwe alimi ambiri a ku Kasungu ayamba kudalira pamene tsogolo la fodya padziko lapansi likukayikitsa.

Koma tisanamizane kuti sitima ndi yotchipa nthawi zonse. Pa mtunda waufupi ngati wa Chinkhoma–Kanengo, kukweza mabelo pa lole, kuwatsitsa pasiteshoni, kuwakweza m'bogi, n'kudzawatsitsanso kuti akwere lole ina kumadya phindu lonse. Sitima siifikanso pakhomo. Ngolo, matola ndi msewu wafumbi wa kumudzi zidzafunikabe ngakhale siteshoni itamangidwa pakati pa tauni ya Kasungu, ndipo mlatho wa pa kamtsinje ka kwanu ukagumuka mu Febuluwale, njanji singakuthandizeni.

Nanga njanji ya ku Chipata, sinayenera kusintha zinthu?

Kachidutswa ka Mchinji–Chipata, kosakwana makilomita 30, kanayamba kumangidwa mu 1982 ndipo kanatsegulidwa mu 2010, pamwambo womwe panali apulezidenti a nthawiyo a Zambia, Malawi ndi Mozambique: Rupiah Banda, Bingu wa Mutharika ndi Armando Guebuza. Sitima zayendapo mwa apo ndi apo. Vuto lake n'lakuti njanjiyo imathera pa Chipata pomwepo. Siinalumikizidwe ndi njanji zina za Zambia kapena ndi TAZARA, ya pakati pa Kapiri Mposhi ndi Dar es Salaam, ngakhale kuti kukula kwa mpata wa pakati pa zitsulo n'kofanana pa njanji zonsezi, mamilimita 1,067. Katundu wa ku Lusaka ndi wa kumigodi ya kopa amayenera kuyamba wayenda makilomita mazana angapo pamsewu kuti aipeze.

Kodi tiyembekezere kuti tsiku lina sitima idzaima pa Kasungu?

Nkhani ya njanji yopita kumpoto, yokalumikizana ndi TAZARA mbali ya Mbeya, yakhala ikutchulidwa m'mapulani a boma ndi m'misonkhano ya ndale kwa nthawi yaitali. Ikadzamangidwa modzera kumtunda, Kasungu adzakhala panjira, ndipo malo ngati Chinkhoma, Chatoloma ndi Nkhamenya ndi oyenera siteshoni zazing'ono. Koma njanji yotere idzabwera chifukwa cha katundu wolemera wa mtunda wautali, monga wa m'migodi ndi wa maiko oyandikana nafe, ndipo sitima ya anthu idzaima m'midzi pokhapokha titaumirira kuti zilembedwe m'mgwirizano ntchito isanayambe. Anthu a ku Neno ndi ku Mwanza angatiuze momwe zimakhalira kuona mabogi a malasha akudutsa kuseri kwa nyumba usana ndi usiku.

Kwa ine, chomwe phungu wa ku Kasungu angamenyere lero n'kuchiona chikuchitika chili pafupi kuposa pamenepo: njanji ya Lilongwe–Mchinji ikonzedwe kuti iziyenda chaka chonse, pakhale malo otsitsira katundu mbali ya Kamwendo, ndipo msewu wa Kamwendo–Chinkhoma uzisamalidwa. Zikatero feteleza wochokera ku Nacala angatsike pa bogi n'kufika kwa Santhe tsiku lomwelo, mvula yoyamba ya Novembala isanagwe.